Muvi wa nsungwi umafuna kupakidwa

Anthu ambiri akasema muvi amathamangira kumata nthenga, koma aise ntchito yeniyeni ili pa nsungwiyo. Imamwa chinyontho, dzinja likangofika yayamba kupindika, ndiye ukakoka uta muvi umangolowera kwina basi. Ine ndimayamba kuuwongola pa makala pang'onopang'ono makamaka pa mfundo, kenako sandipepa mpaka usalale. Vanishi ndimapaka mopyapyala kawiri kapena katatu, aziuma kaye, osaiwala kumapeto komwe munadula chifukwa madzi amalowera pompo. Phula la njuchi ndimalikonda zedi koma lizibwera pomaliza, mukalitsogoza guluu sagwira ndipo nthenga za nkhanga zija zimangothothoka. Mukapaka mafuta a linseed chonde kansanzako kayanikeni panja kotambasula, kakapindidwapindidwa kamatha kuyaka kokha.