Laisensi ya gesitihausi yatuluka, koma gulani buku la alendo musanayambe chilichonse

Laisensi yatuluka abale, ndaipachika pa risepushoni ndipo manje mtima wakhala pansi. Gesitihausi iyi inali ya malemu amalume anga, ili mbali ya ku Chilenje, zipinda ndi zochepa chabe, ndiye atamwalira banja linagwirizana kuti ine ndiiyendetse, kutanthauza kuti mapepala onse ayambirenso m'dzina langa. Amene muli ndi maganizo otsegula malo ogona alendo muno mu Lusaka mverani momwe zimayendera.

Za PACRA (kolembetsa bizinesi) ndi TPIN (nambala ya msonkho) ya ku ZRA sinditaya nazo nthawi, aliyense wa bizinesi akuzidziwa. Ku khonsolo mukatenge pepala la zamoto ndi la zaumoyo, zozimitsira moto zikhale zoti deti lake silinathe, ndipo ngati mumaphikira alendo, ogwira ntchito kukhitchini akapimidwe kaye. Mukasonkhanitsa zonsezo ndiye mupite ku Zambia Tourism Agency, kaili ndi iwo amapereka malaisensi kuchokera pamene kunabwera lamulo la Tourism and Hospitality Act la 2015, ndipo amatumiza anthu kudzaona malo ndi maso awo, zipinda, zimbudzi, madzi, zofunda, zonse.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi kapepala kamodzi kongofunika chidindo, pa ofesi ina imene sindiitchula. Ndinafika 8 hours isanakwane, ndinakhala pa benchi, akuti abwana a chidindo ali mu miting'i dikirani. Tinadikira. Miting'i itatha akuti apita ku lanchi, 14 hours akuti netiweki yathawa, ine osadya kanthu chifukwa ukangochoka pa benchi malo ako apita, pambali panga panali agogo ena ochokera ku Petauke amene anagona pa Intercity kuti afike m'mawa, anangomangirira mapepala awo mu chitenje nkumawodzera. Itakwana 16 hours mnyamata wa pa windo anangotsegula fayelo yanga kamodzi nkunena kuti "amayi, kope ya reji yanu si yosatifaya, mubwere mawa." Ndinamufunsa kuti mwana wanga, m'mawa muja unalandira fayeloyi sunaione? Sanayankhe, anangoitana wotsatira. Tsiku lathunthu kupita chifukwa cha chinthu choti akanandiuza 8 hours ine nkuthamanga nkubwerera dzuwa lisanafike pamutu. Ndiye kope iliyonse imene muli nayo, ya reji, ya lendi kapena ya taitolo, kasatifayeni musanapite kulikonse, ngakhale sanakuuzeni.

Ndibwerere mmbuyo pang'ono, ndadumpha levi. Kuyambira 2017 malo ogona alendo amadula tourism levy ya 1.5 peresenti pa bilu ya mlendo, imapita ku ZRA kenako ku thumba la Tourism Development Fund. Muilembetse payokha, musaganize kuti poti muli ndi TPIN ndiye basi, pa risiti iziwoneka pamzere wake, ndipo ritani yake, lipoti la levi imene mwadula, muzitumiza ku ZRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ngakhale mwezi umene bizinesi inali zii.

Manje nkhani ya buku. Amayi a ku Zambia Tourism Agency amene anabwera kudzayendera malo atatha kuona zipinda anakhala pansi nkunena kuti "mayi, tione buku la alendo." Amalume anali munthu wa dongosolo, anasiya mabuku a chikuto cholimba mu kabati, tsamba lililonse lolembedwa mizere ndi rula: dzina, nambala ya reji kapena pasipoti, achokera kuti, agona masiku angati, abwerera chiyani. Amayiwo anatsegula, anawerenga masamba angapo, anati malo ambiri ang'onoang'ono amangolemba dzina ndi ndalama basi. Gulani buku, lembani mizere imeneyi kuyambira tsiku loyamba.

Atapita ine ndinakhala nawo mabuku aja usiku kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene zandipangitsa kulemba zonsezi. Mzungu mulibemo. Akunja ndi amalonda ochepa a ku Malawi ndi ku Congo. Ena onse ndi ife tomwe, a ku Chipata, Lundazi, Mansa, Kitwe, Mongu, Solwezi, wina wabwera ndi wodwala ku UTH, wina ku graduweshoni ya mwana ku UNZA, wina kudzaoda katundu ku Kamwala, aphunzitsi opuma kudzatsatira penshoni, azimayi a mpingo ku msonkhano, maliro, ukwati, ndipo nthawi ya Show ku Showgrounds masamba amadzaza mpaka amalume kulemba m'mbali. Anthu amenewa akwera basi, alipira takisi, adya nsima mu malesitilanti, agula tokutaimu, agona pa ife, ndalama yonseyo yazungulira muno m'dziko ndipo yalipira malipiro a mtsikana wochapa zofunda ndi mlonda wa usiku.

Koma tikamamva za tourism pa wailesi manambala ake amakhala a akunja. Chifukwa chake nchosavuta, wakunja amadutsa pa Immigration, pa Kenneth Kaunda International Airport, pa Chirundu, Kazungula, Nakonde, Mwami, amadindidwa pasipoti ndiye wawerengedwa. Nchifukwa chake tikudziwa kuti mu 2019 analowa opitirira 1.2 miliyoni ndipo mu 2020 korona itabwera anatsika kufika cha m'ma hafu miliyoni. Nanga wochoka ku Katete kubwera ku Lusaka amadinda kuti? Palibe. Amaonekako pang'ono pa geti ya Victoria Falls, pa mapaki ngati South Luangwa kapena Lusaka National Park, ndi ku miziyamu, poti kumeneko mtengo wa mzika ndi wa mlendo wakunja ndi wosiyana ndiye amalemba. Kupatula apo ndi mabuku athu ife, kapena a ZamStats, ofesi ya boma ya ziwerengero, achite kafukufuku wa khomo ndi khomo kufunsa anthu kuti munayenda kuti, munagona kuti, munawononga zingati. Wogona kwa achibale ku Matero ndiye sawoneka ndi pang'ono pomwe, chimodzimodzi khamu lija limapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February kapena ku Kulamba ku Mkaika mu August, ambiri amagona kwa abale kapena m'basi momwemo.

Ndipo musanene kuti wobwera ku maliro si tourist. Mmene a United Nations amawerengera, munthu akachoka kumene amakhala masiku onse nkupita kwina kosakwana chaka, osati kukalembedwa ntchito kumeneko, ameneyo ndi mlendo woyenera kuwerengedwa, kaya wapita kukaona njovu, kaya kuchipatala, kaya kutchalitchi. Ndiye agogo a ku Petauke aja a pa benchi nawonso ali momwemo.

Mu mabuku a amalume a 2020 ndi 2021 mukuoneka bwino, akunja aja anasowa koma a m'dziko muno sanasiye kubwera, anachepa inde koma geti silinatsekedwe. Ine zimandiwawa kuti anthu amene anasunga malo ngati ano nthawi yovuta ndi omwewo amene sawerengedwa bwino, ndipo boma likamagawa ndalama za misewu, za maphunziro a ogwira ntchito m'mahotela kapena zotsatsa malonda limayang'ana manambala amene lili nawo. Levi imangoonetsa kuti ndalama yalowa zingati, siinena kuti wagona ndani ndipo wachokera kuti.

Ndiye buku, abale, buku. Mlendo akafika usiku atatopa ndi basi ya ku Lundazi musamusiye adutse osalemba, mufunseni mwaulemu kuti bambo mwachokera kuti, mwabwerera chiyani, ambiri sakana. Mapeto a mwezi muziwonkhetsa, a m'dziko muno padera akunja padera, kuti tsiku limene adzafunse manambala musamachite kuganizira pamutu. Risiti iliyonse ya ku khonsolo ndi ya levi muiike mu fayelo imodzi pamodzi ndi makope osatifaya aja, chifukwa nthawi yokonzanso laisensi adzazifunanso zonse.