Kainjini kanga ka 15: matenda anali awiri

Papita sabata zitatu chilembereni za kainjini kanga, injini ya boti ya Yamaha Enduro ya mahosipawa 15 ija ndinagula kwa msodzi wina amene anasiya ntchito ya panyanja. Nditaichotsa dzimbiri n'kuipenta inkaoneka ngati yatsopano, koma tsiku loyamba kuiyika pa boti inandionetsa kuti m'kati munali nkhani ina.

Tinanyamuka ku Mzuzu m'bandakucha, ine ndi mlamu wanga. Pofika ku Nkhata Bay nyanja inali bata, mwera usanadzuke. Ndinakoka chingwe kawiri, inalira. Tinayenda bwinobwino mphindi ngati khumi, koma nditawonjezera liwiro inayamba kutsamwa: kukwera, kutsika, kukweranso, mpaka zii. Ndikapopa kampira ka papayipi ya mafuta n'kukoka chingwe, inkaliranso. Zinatero katatu. Kachinayi inazima mwa mtundu wina. Sinatsokomole, sinachenjeze, inangoti thi ngati munthu wazimitsa nyali. Ndinapopa, ndinakoka mpaka phewa kuwawa, koma ayi ndithu. Tinabwerera kumtunda ndi nkhafi.

Pagombe tinapeza bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza mainjini a asodzi kwa zaka zambiri. Sanagwire n'komwe sipanala. Anangofunsa kuti, "Achimwene, yafa bwanji? Yayamba yadwala, kapena yangogwa?" Nditawafotokozera zonse anagwedeza mutu. "Ndiye kuti muli ndi matenda awiri. Ya mafuta imayamba yadwala, ya moto imangogwa." Ine mumtima ndinali nditagamula kale kuti yapsa CDI, kabokosi kakuda kamene kamatumiza moto ku mapulagi, ndipo ndinali nditayamba kuwerengera kuti ndalama yake ndiipeza kuti. Mawu a bambo aja ndi amene anandiletsa kuthamangira kusitolo ya masipeya.

Kunyumba ku Luwinga ndinadula pamwamba dramu ya malita 200, n'kumangirira thabwa lolimba m'mphepete mwake, n'kudzaza madzi mpaka kumiza kachitsulo kophwatalala kali pamwamba pa pulopela. Chonde anzanga, musamalize injini ya boti pouma ngakhale pang'ono. Impela yokoka madzi oziziritsa injini ndi ya labala, ndipo ikazungulira popanda madzi imapsa m'kanthawi kochepa.

Ndinayambira kuthanki. Kasikuluwu kolowetsa mpweya pachivindikiro kanali kotsegula ndipo sikanatsekeke. Kenako ndinathira petulo wa pansi pa thanki m'botolo loonekera m'kati n'kulisiya pawindo. Pomwe ndimamaliza kumwa tiyi, pansi pa botolo panali patadikha madzi otuwa, kuchindikala ngati chala. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Ine thankiyo ndinaisiya yosadzaza m'kashedi miyezi itatu, nthawi ya nkhungu ndi mvula yowaza ya ku Mzuzu kuno. Ndinaitsuka, kuiyanika padzuwa, n'kusakaniza mafuta atsopano pa mlingo wa 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena 200 pa malita 10. Oyilo wake ndi wolembedwa TC-W3, wopangidwira mainjini oziziritsidwa ndi madzi. Ndimayeza ndi sirinji yaikulu, chifukwa zoyeza ndi maso zija n'zimene zimadetsa mapulagi.

Madziwo anali vuto, koma mtima sunakhazikike. N'chifukwa chiyani kupopa kampira kunkaidzutsa? Ndinaona kuti kampirako ngakhale ndipope motani sikankalimba gwa monga kamayenera kuchitira kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) ikadzaza. Muvi wojambulidwa pa kampirako unaloza koyenera, kuinjini. Ndiye ndinalumikiza kachidutswa ka payipi yoonekera m'kati pafupi ndi fyuluta yosefa mafuta, n'kuliza injini. Ndinagwada pambali pa dramu kuyang'anitsitsa. Timathovu ting'onoting'ono tinkadutsa motsatizana ngati mikanda pa ulusi, ndipo ndikawonjezera liwiro tinkachulukira. Nditazula cholumikizira payipi ndi injini, kalabala kozungulira ka m'kati mwake kanali kataphwanyika mbali imodzi, mng'alu woti suuona ukapanda kukapinda ndi chikhadabo.

Apa m'pamene zonse zinagwirizana. Pampu ya mafuta pa injini imeneyi siyendera magetsi. Ndi kachikopa kopyapyala kamene kamakankhidwa ndi kukokedwa ndi mpweya wa m'mimba mwa injini pisitoni ikamakwera ndi kutsika. Mphamvu yake yoyamwa ndi yochepa, ndiye pakakhala pobooka imayamwa mpweya m'malo mwa petulo. Poyenda pang'onopang'ono mafuta ochepawo amakwanira. Ukathamanga, kambale ka kabuleta kamaphwa msanga kuposa momwe kakudzazidwira, injini n'kuyamba kutsamwa. Dzanja langa pa kampira linkagwira ntchito imene pampu inkalephera.

Ndinasintha cholumikiziracho. Kachikopa ka pampu nditakaunika padzuwa kanalibe bowo, koma kanali kouma ngati tsamba la m'chilimwe, choncho nako ndinakasintha. Kabuleta ndinaimasula madzulo amodzi: pansi pa kambale panali utomoni wobiriwira, ndipo jeti yaing'ono, kachitsulo kabowo kodutsa petulo, inali yotsekeka theka. Ndinaiboola ndi kaulusi kamodzi ka waya wa kopa, osati singano, chifukwa singano imakuza bowo. Sikuluwu yosinthira mafuta ndinawerenga kuti yapotoka kangati ndisanaichotse, n'kulemba pakhoma ndi khala.

Inalira bwino theka la ola. Ndinasangalala. Kenako ndinakhotetsa chogwirira kumanzere kuti ndione pansi pake, n'kungoti thi, chimodzimodzi tsiku lija panyanja.

Ndinapukuta petulo yense amene anadonthera pafupi, kuchotsa mapulagi onse awiri, kuwagunditsa kuchitsulo cha injini, mwana wanga wamwamuna n'kukoka chingwe. Moto panalibe, konsekonse. Zimenezi pazokha zinandiphunzitsa kanthu: mapulagi awiri safera limodzi mphindi imodzi, ndiye vuto liyenera kukhala pamalo pamene onse awiri amadalira. Pamenepo pali makoyilo opanga magetsi a pansi pa flywheel (chigudumu cholemera cha pamwamba pa injini), pali CDI, komanso pali switchi yozimitsira, ija ili ndi chingwe chofiira chomanga padzanja. Ambiri amaiona ngati switchi ya nyali imene imadula magetsi, koma iyi imagwira ntchito mosiyana. Imazimitsa injini pogunditsa waya wa CDI kuchitsulo cha injini, moto n'kuthawira kumeneko. Ndiye kuti waya ameneyu akasupuka paliponse n'kukhudza chitsulo, injini imazima ngati kuti wadina batani, switchi ili bwinobwino.

Pa Yamaha waya ameneyu ndi woyera. Ndinamuzula pa cholumikizira chake, mwana n'kukokanso chingwe. Moto wabuluu unalumpha pa mapulagi onse awiri, kuchita kumveka kuti tcha tcha. CDI inalibe mlandu.

Kupeza malo enieni kunanditengera nthawi. Ndinaika mita yoyezera magetsi pa belu lolira zitsulo ziwiri zikakhudzana, nsonga imodzi pa waya woyera, ina pachitsulo, chingwe chofiira chili m'malo mwake, ndipo ndinapatsa mwana kuti agwire. Ine ndinkakweza ndi kutsitsa chogwirira, kukhotetsa uku ndi uku. Kwa nthawi ndithu kunali zii. Kenaka anakuwa, "Ababa, yalira! Bwererani pomwe munali!" Ndinabwerera pang'onopang'ono, n'kuliranso. Pamene mawaya amatulukira m'chogwirira kulowa m'thupi la injini, kalabala kotchinjiriza kanali katagwa kalekale, ndipo woyera uja anali atakhulika mpaka kopa kuonekera, malo aang'ono ngati njere ya mpunga. Ndinadula pamenepo, kulumikiza ndi mtovu, kuveka kapayipi kofota ndi kutentha, n'kuikapo kalabala kena. Mlamu wanga anati tingousiya wozula wayayo, injini izilira basi. Ndinakana. Munthu ukagwera m'madzi, chingwe chofiira chija n'chimene chimaletsa boti kukusiya kapena kukuzungulira ndi pulopela. Ndinakwechanso mabauti onse a mawaya akuda, aja omangirira kuchitsulo cha injini, mpaka kuwala, ndi kuyeza mpata wa mapulagi kuti ukhale pafupifupi milimita imodzi.

Loweruka lapitali yalira ola lathunthu m'dramu, ndikuikhotetsa mbali zonse, osazima. Liwiro lake ikamangolira payokha sindinalimalize kulikonza dala. Mzuzu ali pamtunda wa mamita opitirira 1,200, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Kuno mpweya ndi wopepuka, ndiye zimene ndingasinthe pa kabuleta pakhomo pano zikafika kunyanja zisintha. Komanso m'dramu injini siisenza katundu ngati mmene imachitira ikamakankha boti la anthu awiri pa mafunde.

Chatsala n'chakuti kamadzi kotuluka kumbuyo, kosonyeza kuti injini ikuzizira, kakutuluka mofooka. Ndatokosa kabowo kake ndi ulusi wa mbedza koma sikanasinthe kwenikweni, choncho ndaitanitsa impela yatsopano kwa wogulitsa wina ku Lilongwe. Ikafika Lachinayi, ndiyiika Lachisanu madzulo, ndipo Loweruka tikatsika ku Nkhata Bay m'mamawa mwera usanayambe. M'thumba ndaikamo kale mapulagi awiri atsopano, kachidutswa ka payipi yoonekera kaja, ndi mita. Nkhafi nazo zikwera nawo.