Tinayamba ndi IVF yolipira, kenako tinakagogoda ku NHS

Pamene tinkakwanitsa zaka zitatu m'banja popanda mphatso, tinali tili kale kuno ku England pa viza ya ntchito. Apongozi anali atasiya kufunsa mwachindunji, koma foni iliyonse ya pa WhatsApp inkathera pa mawu akuti, "Ife tikupempherabe, mwana wanga." Ndinkadziwa chimene akupempherera.

Ndinapita kwa GP, dokotala wa m'dera lathu wa NHS (zipatala za boma za kuno), ndili ndi chikhulupiriro chonse, poti tinkalipira ndalama ya zaumoyo imene amadula pa viza. Dokotala anandimvetsera bwinobwino, kenako anandiuza kuti kuyambira mu Ogasiti 2017, ndalama imeneyo sikhudza IVF kuno ku England, chithandizo chimene amakumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi n'kuika mluza m'chiberekero. Kuyezetsa koyambirira anatichita, magazi anga ndi umuna wa amuna anga, koma chithandizo chenichenicho chinkadikira kuti tipeze chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, chimene onse amangoti ILR. Kunali kutatsala zaka ziwiri ndi theka, ine ndili ndi zaka 34.

Sindinafune kudikira. Tinasonkha ndalama za chipereganyu, amuna anga akugwira mashifiti ausiku, mpaka tinakwanitsa ulendo umodzi wa IVF pa chipatala cholipira. Zonse pamodzi ndi mankhwala zinapitirira £5,000. Anatenga mazira, panapezeka miluza iwiri yabwino. Umodzi anauika m'chiberekero, sunagwire. Winawo anauumitsa n'kuusunga, ife n'kumalipira malo ake chaka ndi chaka. Za kulira kwa miyezi imeneyo ndisanene.

Chimene sindinachite nthawi imeneyo, ndipo ndimadziimba nacho mlandu ndekha, ndi kuwerenga malamulo a dera lathu ndisanatulutse ndalama. Ndinkaganiza kuti za ndalama zanga ndi zanga, za boma ndi za boma, sizikumana. Zimakumana ndithu. Malangizo a mu 2013 a NICE, bungwe limene limalangiza NHS pa za chithandizo, amati mayi wosakwana zaka 40 apatsidwe maulendo atatu a IVF, koma amanenanso kuti ulendo uliwonse umene anachitapo kale uwerengedwe pa atatuwo, kaya analipira yekha kaya inalipira NHS. M'malangizo omwewo, kwa mayi wa zaka 40 mpaka 42 n'kothina kwambiri: ulendo ndi umodzi, ndipo akhale woti sanachitepo IVF chiyambire. Ndiye wina wa zaka 39 akathamangira kolipira, zikakanika, n'kubwera atakwana 40, amapeza chitseko chatsekeka.

Komanso malangizo a NICE si lamulo. Amene amagamula ndi bungwe la zaumoyo la dera lanu, ICB, mabungwe amene analowa m'malo mwa akale otchedwa CCG mu Julaye 2022. Lililonse lili ndi mfundo zake, ndipo ambiri amalipira ulendo umodzi wokha. Mnzanga wa ku Glasgow amandiseka, poti ku Scotland amapereka mpaka atatu.

ILR itatuluka, ndinafufuza dzina la ICB yathu pogwiritsa ntchito adiresi ya GP, ndinatsitsa chikalata chawo pa intaneti n'kuchiwerenga ndi cholembera m'manja. Kwathu kunali chonchi: ulendo umodzi waulere, bola maulendo am'mbuyo asapitirire awiri. Mtima unagunda, chifukwa chaka chapitacho tinatsala pang'ono kukayesa kawiri ku Johannesburg, kumene mitengo inkaoneka yotsikirapo. Zakunja nazonso amawerenga. Chinatiletsa ndi kusowa ndalama basi, osati nzeru.

GP anatitumiza ku chipatala cha za kubereka. Pa fomu pali funso lakuti munachitapo IVF kale kapena ayi. Amayi ena a kutchalitchi anandinong'oneza kuti, "Achemwali, ingolembani kuti ayi." Musayese. Chipatala chilichonse chovomerezeka muno chimapereka mbiri ya chithandizo ku HFEA, bungwe loyang'anira zipatala za kubereka, ndiponso dokotala watsopano amafunika kudziwa mmene thupi lanu linayankhira majakisoni oyamba aja kuti asakupatseni mlingo wolakwika. Ndinalembera chipatala cholipira chija kupempha mafayilo anga, ndipo anabwera patatha milungu itatu.

Panali zinanso zoti tikwaniritse. Tonse awiri osasuta fodya. BMI yanga (muyezo wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu) ikhale pakati pa 19 ndi 30, pamene ine ndinali pa 31, moti nsima yausiku ndinaitsanzika kwa miyezi inayi. Anafunsanso ngati wina wa ife ali ndi mwana wamoyo, ngakhale wa banja lakale amene ali kumudzi, chifukwa madera ambiri amakana pa chifukwa chimenecho.

Chimene chinandikhumudwitsa chinali mluza wosungidwa uja. Mfundo za kwathu zimati amene ali ndi miluza youmitsidwa ayambe waigwiritsa ntchito asanapatsidwe ulendo watsopano, ndipo poti unapangidwa ndi ndalama zathu, kuuika kunalinso kwa ndalama zathu. Tinabwereranso kolipira. Nawonso sunagwire, ndipo kalata yotsimikizira kuti palibe chatsala mufiriji ndiyo inatsegula njira.

Kuchokera tsiku limene GP analemba kalata kufika poitanidwa kukasaina mafomu a chilolezo, panadutsa miyezi isanu ndi iwiri. Ndili ndi zaka 37 tsopano. Majakisoni ali m'firiji pafupi ndi mkaka, ndipo ndiyamba kubaya Lachiwiri sabata yamawa. Apongozi sitinawauzebe.