Black Friday pa til yanga

Lachisanu, 28 November 2025

Ndikulemba izi miyendo ili m'beseni la madzi otentha ndathiramo ndi mchere womwe, nthawi yadutsa kale 10 koloko usiku ndipo mawa ndikulowanso m'mawa, koma ndikapanda kuzikhuthula lero ndigona nazo pamtima ndiye bola ndingolemba. Inu amene muli kumudzi mumangomva kuti ku Joni lero zinthu zatchipa, dziwani kuti kuseri kwa kutchipako kuli ife amene timaima pa til kuyambira mbandakucha mpaka mdima tikumwetulira anthu oti akutitukwana.

Ndinadzuka hafu pasiti 3 chifukwa shopu yathu lero imatsegula 6 koloko. Ku Rosettenville kuno nthawi imeneyo mkazi sayenda yekha, ndiye ndinatuluka ndi achimwene ena a pa yadi pathu amene amalondera kutauni, foni ndabisa mkati mwenimweni. Ndinaimika takisi, chala m'mwamba monga mwa nthawi zonse kusonyeza kuti wa kutauni, ndiye tsoka langa mpando wotsala unali wakutsogolo. Amene munakhalako kuno mukudziwa kuti wokhala pafupi ndi dalaivala ndi amene amalandira ndalama za anthu onse n'kumabweza chenji. Ndiye kuti ntchito ya pa til ine ndayiyambira mu takisi, yaulere, maso ali ndi tulo.

Pofika pa mall mzere unali utakhota kale kuchoka pakhomo pathu mpaka kokaimika magalimoto. Ife timagulitsa za m'nyumba, mapoto, maketulo, ma ayironi, mabulangete, timasitovu ta mapuleti awiri, zoterozo. Supavaiza anatisonkhanitsa kuseri n'kutiuza zomwe amatiuza chaka chilichonse, zoti tizimwetulira, ketulo ndi seti ya mapoto asapitirire ziwiri pa munthu, ndipo wina akayamba kulalata tisayankhe koma timuitane iyeyo. Anthufe tinangogwedeza mitu ngati sitikudziwa kuti ikamakwana 9 koloko iyeyo amakhala akuitanidwa pa matil asanu nthawi imodzi.

Chomwe chimandiseketsa ndi choti tsiku limeneli si la kuno n'komwe. Ndi la ku America, Lachisanu lotsatira Thanksgiving yawo imene amachita Lachinayi lachinayi la November. Kuno za Thanksgiving palibe amazidziwa, angotolapo zogulazo basi. Koma linagwera pabwino, kumapeto kwa mwezi anthu atangolandira, ena bonasi ili m'njira, magulu a stokvel nawo ndalama zomwe akhala akusonkha chaka chonse zayandikira kugawidwa, ndiye aliyense amabwera mtima uli m'mwamba.

Chitseko chitangotseguka anthu anangoti piringupiringu, matrole kugundana, wina silipasi inavukira pakhomo pomwepo sanabwererenso kukaitola. Ola loyamba linayenda bwino ndithu, ofika m'mawa amakhala akudziwa chomwe abwerera, amatenga, kulipira, ulendo. Mavuto amayamba ndi obwera mochedwa opeza mashelefu ayamba kuyera.

Woyamba kundiyesa anali bambo wina wa mimba yake, makiyi a galimoto akuzunguza pa chala. Anabwera ndi seti ya mapoto a zivindikiro za galasi, ndikuisikana ikuonetsa R899, iye akuti pa shelefu palembedwa R499. Ndinamuuza mwaulemu kuti ya R499 ndi seti ina yaing'ono, mwina wina wangoisiya pamalo polakwika poti lero katundu wasokonekera. Eee kunali ngati ndamuponda pachilonda. Anayamba kumenya kauntala ndi chikhatho, akuti iye malamulo amawadziwa, akuti tikuba, akuti andichotsetsa ntchito lero lomwe. Lamulo limene amanenalo liliko ndithu, Consumer Protection Act ya 2008, limati shopu isakulipiritse kuposa mtengo umene yaonetsa pa katunduyo, ndipo ife anatiphunzitsa zimenezi tisanayambe ntchito. Koma mtengo umene anauona unali wa chinthu china, dzina ndi nambala yake zalembedwa pomwepo pa kapepala. Mnyamata wa pa mashelefu anathamanga kukachotsa kapepalako n'kubwera nako, bamboyo anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka m'malo movomera anangokankha bokosi lija mpaka linagunda pa mimba panga, n'kunena kuti anthu ngati ine ndi amene tawononga dziko lino. Ananyamuka osagula kanthu. Mzere wonse unali zii, aliyense maso pa foni yake.

Mawu akuti anthu ngati ine amenewo ndi amene amandipweteka kuposa kukuwa. Chizulu ndimayankhula, moni ndi mitengo ndi zina zonse za pa til ndimatha, koma lilime silibisika, ndikangotchula mawu atatu anayi munthu amadziwa kuti uyu si wa kuno. Ambiri alibe nazo ntchito, ena mpaka amafunsa za nyanja ndi chambo. Koma pa tsiku ngati la lero munthu akakwiya ndi mtengo kapena kutalika kwa mzere amafuna poti atsamire, ndiye amatsamira pomwepo. Mtsikana wina cha m'ma 11 khadi yake inakana kawiri, makina akulemba poyera kuti ndalama sizikukwana, ine ndinatembenuza kamakinako kuti aone yekha anthu ena asamve, koma iye pofuna kubisa manyazi anakweza mawu kuti kwerekwere uyu, mawu onyozera obwera, sadziwa kugwiritsa ntchito makina. Mwana wamng'ono woti kwathu akanandipatsa moni atagwada. Ndinangomuuza kuti tiyese kuchotsako chinthu chimodzi, tinachotsa ayironi, khadi inadutsa, anatenga jumbo yake osandiyang'ana kumaso.

Mnzanga wa pa til yoyandikana nayo ndi mbadwa ya dziko lino, wa ku Limpopo, iyeyo samasunga mawu. Munthu akamuchita mwano amamubwezera pomwepo, mokweza, mpaka kasitomala amathera kuseka kapena kupepesa. Pa nthawi yopuma, imene lero inali mphindi zochepa zongokwanira kumeza buledi ndi tiyi wozizira, anandifunsa kuti bwanji iwe umangokhala chete anthu akukunyoza. Ndinamuuza kuti kwathu amati kwa eni kulibe mkuwe. Iye akalalata ndi mkangano wa anthu awiri basi, ine ndikalalata nkhani imasanduka ya mlendo wamwano amene walanda ntchito ya mwana wa kuno, wina ajambula pa foni, madzulo ndili pa TikTok. Chiyambireni a Operation Dudula, gulu lothamangitsa obwera, ku Soweto mu 2021 tonse timayenda tikuyang'ana kumbuyo, ndipo amene analipo mu May 2008 pamene zipolowe zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60 sachita kukuuza kawiri kuti tseka pakamwa. Mapepala ako akhoza kukhala abwinobwino koma gulu likakwiya silifunsa mapepala. Anangoti eish, n'kundigawira theka la nthochi yake.

Ndiye ine ndili ndi njira zanga zomwe ndaphunzira pa zaka zimenezi. Munthu akayamba kukuwa ine ndimatsitsa mawu, chifukwa kuti andimve amayenera kusiya kukuwako. Sindimuuza kuti akhazike mtima pansi, mawu amenewo ali ngati kuthira parafini pamoto. Ndimayang'ana pa sikirini n'kumabwereza chinthu chimodzi chomwecho, mtengo ndi uwu, malire ndi ziwiri, mukufuna ndiitane akuluakulu? Manja ndimaika poonekera pa kauntala chifukwa kamera ili pamwamba pathu. Zotsalazo ndimayankha mumtima m'Chichewa, ndipo zimene ndimayankha mumtimamo sindingazilembe pano, azakhali anga amawerenga.

Obweza katundu nawo analipo ngakhale lero. Mayi wina anabweretsa ketulo yoti anagula mwezi watha yapsa, ameneyo ndi ufulu wake, chinthu chikawonongeka chokha pasanathe miyezi 6 amasankha kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Koma wina anafuna kubweza bulangete loti anagula sabata yatha, walifunda kale fungo la mafuta odzola lili guu, cholinga aligulenso pa mtengo wa lero. Ameneyo ndinamusiyira supavaiza.

Koma wa lero weniweni, amene wandichititsa kuti ndilembe, anafika cha m'ma 3 masana, kunja mvula ya mabingu ija ya ku Joni itayamba, denga la mall likuchita kulira ndi matalala. Mayi wa wigi yaitali, zikhadabo zopenta, trole yodzadza mpaka pamwamba, mabulangete anayi, kasitovu, mapoto, maketulo atatu, pambuyo pake bambo wachete atanyamula chikwama chake. Chingerezi chake chochita kupotokola lilime. Ndinamuuza kuti maketulo malire ndi awiri pa munthu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pomwe kauntala yandibisa, akuti ndisamuphunzitse kugula, akuti waima pa mzere ola lathunthu chifukwa ndife aulesi, n'kuponya khadi yake pa kauntala mpaka inagwera pansi mbali yanga. Ndinawerama kuitola. Ndikudzuka ndinangomva akuwauza bambo aja chapansipansi, m'Chichewa chenicheni cha kumudzi chopanda ndi chilema chomwe, kuti taonani kamtsikana aka, kakuchita kuoneka kuti mutu sukugwira, anthu a kuno ulesi.

Abale inu. Tsiku lonse ndatukwanidwa kuti ndine wobwera, ndiye pano ndikutukwanidwa kuti ndine wa kuno, ndi munthu wa kwathu.

Ndinaika khadi ija bwinobwino patsogolo pawo n'kunena kuti, pepani amayi, kamtsikanako kakumva, maketulo ndi awiri pa munthu koma poti muli awiri bambowa akhoza kulipira inayo paokha. Mayi aja anangoti kakasi, pakamwa pali yasa. Bambo aja anayesa kudzigwira koma zinakanika, anaseka mpaka kugwira trole, akuti ndimakuuzani ine mayi kuti Joni yadzadza ndi ife. Chingerezi chija chinathera pomwepo. Anayamba zoti aaa achemwali ndinu a kwathu kodi, kwanu ndi kuti, ndinati ku Balaka, akuti ife a ku Ntcheu ndiye ndife amodzi, mutikhululukire ndi kutopa. Ndinati palibe kanthu, ndikusikana mabulangete. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe anaweramira kwa ine n'kunong'ona kuti ndiye achemwali simungatipangireko ka discount ka antchito, poti ndife apachibale? Ndinaseka koyamba tsiku lonse. Ndinawauza kuti chibale chathu changoyamba kumene, chidikire kaye chikule.

Mu takisi pobwera ndakhala ndikuwaganizira mayi amenewa. Trole ija ndinaidziwa bwino, ndi trole ya munthu wopita kumudzi pa Khrisimasi. Bulangete la apongozi, ketulo ya alamu, mapoto a mayi, ndipo zonsezo akazimange m'zikwama zija zamizeremizere, alipire transporter kapena akangane ndi a basi pa za kulemera kwa katundu, kenaka Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka pa Mwanza pomwe pali kulipiranso msonkho, masiku awiri kapena kuposa uli pampando. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kumudzi aliyense maso ali kwa wa ku Joni, ukafika chimanjamanja amati unkatani zaka zonsezi. Ndiye ndikumvetsa kuti munthu amafika pa til mutu utatentha. Koma ine pondiona anaona munthu woti akhoza kumuponyera khadi pansi, ndipo ulemu unabwera pokhapokha atamva kuti ndine wa ku Balaka. Akanakhala mnzanga wa ku Limpopo uja ndiye kuti zinali bwino kumunena? Izi ndi zomwe zikundikanika kumeza. Mwina mawa lake mayiwa nawonso ali pa ntchito m'nyumba ya munthu ku Sandton akukalipiridwa chifukwa cha kapu yosweka.

Si onse anali oipa ayi, ndisaname. Gogo wina wa ndodo anagula poto mmodzi yekha, analipira ndi ndalama zachitsulo zomwe tinawerengera limodzi, pochoka anandigwira dzanja n'kundisiyira switi ya minti, akuti mwana wanga pakamwa pako pauma. Switi imeneyo ndinaimwa 5 koloko ndipo ndi imene inandifikitsa kumapeto.

Tinatseka mochedwa, shopu ikuoneka ngati mwadutsa ng'ombe, mabokosi ong'ambika, zivindikiro zopanda mapoto, silipasi ija idakali pakona mlonda anaikankhira. Ndinawerengera mumtima kuti pa R28.79 pa ola, malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu March 2025 omwe ife timangoyandama pamwamba pake pang'ono, ngakhale muphatikize ovataimu ya lero sindinapeze ndalama yogulira seti ya mapoto ya R499 imene bambo uja amandimenyera kauntala.

Ndikufika m'nyumba foni yalira, voice note ya mayi pa WhatsApp. Akuti mwana wanga tamva pa wailesi kuti kumeneko lero zinthu akungogawa, ndiye usaiwale ketulo ija ya magetsi, ndi bulangete la agogo ako. Ketuloyo ndagula kale, ili apa pa mpando mu bokosi lake, ndinaibisa kuseri kwa mabulangete m'mawa anthu asanalowe. Bulangete adikire malipiro a December. Madzi m'beseni muno azizira, ndiwayankha mawa.