Makhadi operewera a ku Napoli

Ndili ku Napoli, ku Italy, mlamu wanga atapita kuntchito ndinasowa chochita, ndiye ndinatsikira pakasitolo ka fodya pakona kukagula makhadi. Kubwerera m'nyumba, kuwerenga: 40. Kunyowetsa chala, kubwereza: 40 basi. 8 mulibe, 9 mulibe, 10 mulibe, mfumukazi ndiye osaoneka n'komwe. Za mitima ndi madayamondi iwalani. Munali zikho, ndalama, malupanga ndi zibonga. Pakhadi la zibonga zitatu panalinso nkhope ya ndevu zopotana ikundituzulira maso.

Mtima unandiwawa. Ndati awa aona kuti ndine mlendo, andigulitsa zotsalira. Ndinathamangira konko, n'kuyala makhadi patebulo, kukuwa ndi zala: 12 ali kuti?

Mwini sitolo anaseka mpaka kugwira khoma. Anaitana agogo atatu amene ankawothera dzuwa panja, ndipo mmodzi, yemwe anakagwirapo ntchito ku London, ndiye anamasulira. Akuti ku Napoli paketi yathunthu ndi 40, ndipo ku Italy madera ambiri ali ndi makhadi awoawo: a ku Piacenza, a ku Sicily, a ku Treviso omwe ndi aatali komanso opyapyala. Anandionetsa dzina papaketi, Modiano, fakitale ya ku Trieste yomwe inayamba mu 1868 ndi mapepala opichirira fodya. Mnzawo anapukusa mutu kuti iye amakhulupirira a Dal Negro a ku Treviso okha, mkangano n'kubuka pomwepo, ine ndaiwalika.

Zikanathera apa bwenzi zili bwino. Koma ankasowa munthu wachinayi wa masewera a makhadi otchedwa scopa.

"Khala apa, mwana wanga, n'zosavuta."

"Agogo, ine sindidziwa."

"Uzingotola chofanana ndi chako."

Ndinayang'ana m'manja. Mfumu ndinaisunga, poti mfumu ndi mfumu. Wokwera hatchi ndinamusunganso. Kakhadi ka ndalama 7 ndi kamene kanaoneka kachabechabe, ndiye ndinakaponya pakati monyadira.

Agogo a mbali yanga anavula chipewa ngati amva uthenga wa maliro. Khadi limenelo ndi settebello, limabweretsa pointi palokha, ndipo mdani analitola akuimba mluzu. Anandilalatira m'Chinapoli, manja m'mwamba, mpaka amayi ena anasuzumira pakhonde la m'mwamba kufunsa ngati wina wagundidwa ndi njinga yamoto. Womasulira uja anati zimenezo sangamasulire, ndi Mkhristu.

Tinaluza. Khofi wa onse ndinalipira ine, pamodzi ndi wa mwini sitolo yemwe sanasewere n'komwe.