Mmene ndinayezera mpweya wa "ph" ndi "kh" pa Praat

Aphunzitsi athu a fonetiki, phunziro la katchulidwe ka mawu, atatipatsa ntchito yosonyeza kusiyana kwa p ndi ph, komanso k ndi kh, anatiuziratu kuti zoti "zimangomveka m'khutu" sakuzifuna. Ankafuna manambala.

Choyamba ndinasaka mawu awiriawiri osiyana pa liwu limodzi lokha: pala ndi phala, kola ndi khola. Kenako ndinapempha azakhali kuti andinenere mawuwo ndikuwajambula pa foni. Musamupatse munthu mawu paokha, chifukwa Chichewa chimakoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto munthu akamamaliza chiganizo. Ine ndinkawaika pakati: "Ndati phala tsopano." Tinajambula usiku, nkhuku zitalowa, wailesi titazimitsa.

Mawuwo ndinawasandutsa fayilo ya mawu ya mtundu wa WAV n'kuwatsegula pa Praat, pulogalamu yaulere imene Paul Boersma ndi David Weenink anapanga ku University of Amsterdam. Mukasankha fayilo n'kudina View & Edit, pamwamba pamabwera mafunde a mawu, pansi chithunzi chotuwa chotchedwa spectrogram. Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Mumafufuza kamzere koonetsa pomwe milomo yatseguka, kenako pomwe mafunde ayamba kubwerezabwereza mofanana, kusonyeza kuti kholingo layamba kunjenjemera. Mpata wa pakatipo ndiwo VOT, ndipo umayezedwa m'mamilisekondi. Pa pala mpatawo ndi kachidutswa chabe. Pa phala pamaoneka kautsi kotalikirapo, ndiwo mpweya uja umene umagwedeza pepala mukaliika pakamwa.

Poti ndinali nditatsegula kale pulogalamuyo, ndinayesanso mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Mzere wabuluu woonetsa kukwera kwa mawu unakwera pa "te" wa mtengo wa m'nkhalango, koma pa winawo unangoyenda chapansi. Kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi n'komwe.

Mbali ya fonoloje, yoona mmene maliwu amasiyanitsira matanthauzo m'chiyankhulo, inali yofulumira. Popeza kusintha p kukhala ph kumasintha tanthauzo, awiriwa ndi mafonimu osiyana, kutanthauza maliwu amene amasiyanitsa mawu. L ndi r ayi. Timalemba r pambuyo pa i kapena e, monga mu lira ndi bwera, koma azakhali atati "bwela" palibe amene anasochera. Mu lipoti ndinalemba mawu onse mu zilembo za IPA (zilembo zapadziko lonse zolembera katchulidwe ka mawu), [pʰala] ndi [kʰola], n'kuika manambala a VOT pambali pa lililonse.