Milamba ya m'damu la amalume

Sabata yatha ndinali kumudzi ku Zomba ndipo amalume anandipatsa milamba itatu ya m'damu lawo, nde pobwerera mu minibasi mayi ena atamva kuti ndi yoweta anakwinya nkhope, ati iwo amadya wa m'nyanja basi, woweta umadya zonyansa. Zinandiwawa ndithu chifukwa nyanja zathu zatopa ndipo tonse tikuziona.

Tili ana chambo tinkadya osaganiza kawiri, lero uyambe wapapasa m'thumba usanafunse mtengo. Ku Malombe chambo chinachepa kalekale, ena mpaka kukokera ndi masikito, tiana ta nsomba tonse kupita mumphika. Chilwa, komwe kumachokera milamba yambiri yowamba yomwe timagula m'misika, inaumiratu mu 1995, mu 2018 inaphwanso moti ku doko la Kachulu mabwato anangokhala pamatope ouma. Nde tizingodalira nyanja mpaka liti?

Mlamba ndi nsomba yopirira, umatha kupuma mpweya wa kunja, choncho madzi akachepa kapena akada sufa msanga ngati chambo. Damu la amalume ndi laling'ono, lili kumunsi kwa dimba, amathiramo zitosi za nkhuku kuti madzi abiriwire, akafuna kusintha madziwo amawatsegulira ku mpiru ndi tomato, palibe chotayika. M'mawa ukaponya chakudya madzi amachita ngati akuwira, ndevu zili tutumu pamwamba, ina kulumphirana. Tiana ta milambayi amalume anakagula ku Domasi, ndipo amachita kupatula ikuluikulu chifukwa milamba imadyana yokhayokha, ukalekerera udzapeza yatsala yowerengeka.

Koma pali pomwe pamandisowetsa mtendere, ndi pa chakudya. Mlamba sukula ndi madeya okha, umafuna mapuloteni ambiri, nde alimi ena amagula usipa n'kugaya kusakaniza ndi madeya. Apa ndimakana ine. Usipa womwewo ndi ndiwo ya munthu wosauka, mwana akanadyera nsima, iwe ukuutenga kunyanja kukadyetsa nsomba ina kenako n'kumati ukupulumutsa nyanja? Amalume amakazinga soya wolima okha n'kugayitsa pamodzi ndi madeya, nthawi ya mvula amaonjeza ngumbi ndi chiswe, akapha nkhuku matumbo amapita kudamu. Milamba yawo imachedwerako kukula, amavomereza, koma sanagulepo ndowa ya usipa chiyambireni.

Matenda nawo alipo, mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda pa nsomba ndipo kuyambira pamenepo amalume salola munthu kubwera ndi ukonde wobwereka kudamu kwawo, ngakhale akhale m'bale.

Milamba itatu ija iwiri ndinaphika yaiwisi ndi tomato ndi anyezi, osawamba, poti nkhuni za kuwambira zikumalizanso mitengo. Wachitatu ndinapatsa aneba, mawa lake anabwera kudzafunsa ngati amalume amagulitsa.